Nthambi Yotulutsa Lilime

Apumbwa ndiwo anayamba kumuona. Ife tinali titawerama, maso ali pansi kufunafuna masuku ogwa usiku, pamene phokoso linabuka m'chitsamba china patsogolo pathu. Sikunali kulira kwawo kwa masiku onse kuja, kokhala ngati amayi akucheza pachitsime. Uku kunali kukalipa. Mbalame zinayi kapena zisanu zinkadumpha kuchoka panthambi iyi kupita pa iyo, kutsika pang'ono n'kubwereranso m'mwamba, zonse zitapenya malo amodzi. Agogo anaweramuka pang'onopang'ono n'kundigwira paphewa.

"Ima pomwepo, iwe. Usasunthe."

"N'chiyani, agogo?"

"Nalikukuti. Sukumuona apoyo?"

Analoza ndi milomo, pakuti chala sakanayerekeza kuchitambasula. Ndinali ndi zaka 9, unali mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo m'mapiri a kumtunda kwa chigwa cha Bwanje ku Ntcheu, ndipo chimene ndinaona ndi nthambi basi. Nthambi zouma, timasamba tochepa tongophuka kumene, ndere pakhungwa. Ndinayang'ana mpaka maso anayamba kulengeza misozi. Kenako kanthambi kena kotuwa, kamene kanatulukira kunja kwa chitsambacho kutalika ngati mkono wanga, kanatulutsa lilime. Linali lofiira psuu ngati khala la moto, kunsonga kwake kwakuda. Linakwera m'mwamba mosafulumira, n'kutsika, n'kubwerera mkati. Kanthambi kaja kanakhalanso kanthambi.

Tinachoka chafutambuyo, agogo atagwirizira dengu pachifuwa ngati chishango, ine ndili kumbuyo kwawo. Masuku a pamenepo tinawasiyira anyani. Titafika panjira yopita kumudzi m'pamene anandiuza chifukwa chake. Nalikukuti, iwo anatero, saluma monga mphiri ndi njoka zina zapansi. Amakhala duu kudikira munthu. Ukafika pafupi amadzikunga ngati uta n'kudziponya yekha ngati muvi, kuboola pachifuwa n'kukatulukira kumsana. Wolasidwayo amayendabe pang'ono, akuyankhula ndi anzake, osadziwa kuti wafa kale.

Nkhaniyi sinali ya agogo okha. Kubusa anyamata ankaifotokoza aliyense ndi mchere wakewake. Wina ankati njokayo imaboola ngakhale thunthu la mtengo, wina ankati ikaphonya munthu imafa yokha ndi manyazi. Aliyense anali ndi malume wa mnzake amene anaona zimenezi ndi maso ake. Koma maliro a munthu wolasidwa ndi nalikukuti sindinawamvepo m'mudzi mwathu ngakhale m'midzi yoyandikana nafe, pamene za mphiri sitinkachita kuuzidwa. Panali bambo wina wotsimphina amene mwendo wake unafota itamuluma akumweta udzu wofolerera nyumba, ndipo tinkamuona tsiku ndi tsiku.

Papita zaka zoposa 30 chichokere tsiku limenelo, ndipo ndikaiganizira nkhani ya muviyo ndimaona kuti amene anaiyamba anali munthu wamaso. Anayang'anitsitsa ndithu, kungoti anamaliza molakwika. Nalikukuti wamkulu amapitirira mita imodzi, ena amayandikira mita ndi theka, koma thupi lake silinenepa kuposa chala cha munthu wamkulu. Mchira wokha umatenga gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika konseko, mwinanso kuposerapo, ndipo umakathera ngati chingwe chopyapyala. Mutu ndi wautali, wosongoka kutsogolo, wotambasuka pang'ono kumbuyo, khosi lili lopyapyala: ndendende mutu wa muvi pabango lake. Tsono taganizani chinthu chotere chitatulutsa mbali yakutsogolo ya thupi lake m'malere, chili chowongoka, chosatsamira pa kanthu, chitaloza pamene mwaimapo. Ndani sangaganize za muvi wokoka kale?

Chimene amachita pamenepo ndi kudikira chakudya. Akhoza kukhala chomwecho maola ambiri, ndipo amatha kupezeka pamtengo umodzimodzi masiku angapo otsatizana. Mphepo ikamawomba amagwedezeka pang'ono limodzi ndi nthambi zinzake. Khungu lake ndi lotuwa ngati phulusa, lokhala ndi timawanga takuda, tofiirira ndi toyererako, monga khungwa la mombo logwidwa ndere. Pamwamba pa mutu pokha ndi pobiriwira, ngati katsamba kamodzi kotsalira panthambi m'chilimwe, ndipo ena pamutupo ali ndi timadontho tokhala ngati tikulemba chilembo cha Y. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhono n'njosavuta, chifukwa ukudziwa pamene ili. Uyu ukhoza kumudutsa kakhumi, phewa lako likukhudza chitsamba chimene alimo, n'kukafika kunyumba ukunena kuti kutchire lero kunalibe njoka.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri pa iye ndi diso. Njoka zambiri zoyenda masana zili ndi kamwana ka diso kozungulira. Zoyenda usiku, monga mphiri ndi nsato, kawo n'koimirira ngati ka mphaka. Ka nalikukuti n'kopingasa, kooneka ngati bowo la kiyi la pachitseko chakale litagonekedwa chammbali. Kutsogolo kwa diso lililonse mphuno inalowa mkati pang'ono ngati kangalande, kotero kuti maso onse awiri amatha kuona chinthu chimodzi chili patsogolo pa nthawi imodzi, monga timachitira anthufe. Kuona kotereku n'kumene kumathandiza kudziwa kuti chinthu chili patali bwanji; amene akukayika atsinzine diso limodzi n'kuyesa kulowetsa ulusi pasingano. Njoka zambiri zimazindikira nyama ikagwedezeka. Nalikukuti amaizindikira ngakhale itangoti phee. Ku India ndi maiko oyandikana nako kuli njoka zam'mitengo zotchedwa Ahaetulla, zoonda chimodzimodzi, za mutu wosongoka ndi diso lopingasa lomweli, chonsecho si abale apafupi a nalikukuti. Ntchito imodzi inaziumba mofanana, monga makasu a osula awiri amene sanaonanepo.

Nyama yodziwa kukhala phee tonse tikuidziwa. Nanzikambe moyo wake wonse amadalira kusaoneka: amatenga mtundu wa pamene ali, amayenda mogwedezeka ngati tsamba, maso ake amazungulira lililonse palokha kuyang'ana mdani. Mbalame amazipusitsa, ana amawapusitsa. Koma pamtengo womwewo pali katswiri mnzake wa luso lomwelo, ndipo awiriwa akakumana, wopambana nthawi zambiri ndi nalikukuti. Amasendera pang'ono, n'kuima, n'kusenderanso, mpaka mtunda utakwana. Akagwira sataya. Amatafunatafuna kuti ululu ulowe, n'kudikira nyamayo ilefuke, kenako n'kuyamba kumeza kuyambira kumutu. Kawirikawiri amameza ali cholendewera, mchira utakulunga nthambi, mutu uli pansi, chakudya chikukwera chokweza m'thupi lopyapyala lija. Amadyanso abuluzi, agulo aang'ono, achule, tinjoka tinzake, ndi ana a mbalame akawapeza m'chisa.

Pano ndimakumbukira nthano ija ya imfa imene tonse tinaimva tili ana. Chauta anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, buluzi n'kunyamuka pambuyo ndi uthenga wakuti akafa afa basi, ndipo buluzi anamupitirira mnzake panjira. Mpaka lero ena amamusungira nanzikambe chakukhosi chifukwa cha kuchedwa kumeneko. Nalikukuti alibe mbali pa mlanduwu. Amadya amithenga onse awiri, wochedwa ndi wofulumira yemwe, osafunsa uthenga umene anyamula.

Tisaganize kuti nthano za njokayi ndi za kumudzi kwathu kokha. Olankhula Afrikaans ku South Africa anamutcha voëlslang, kutanthauza njoka ya mbalame, ndipo kwa nthawi yaitali azungu ambiri ankakhulupirira kuti amakopa mbalame ndi lilime lofiira lija, kapena kuti amaziloza ndi maso mpaka zibwere zokha. Anaona chimene ine ndi agogo tinaona, mbalame zitazungulira njoka, n'kuganiza kuti zaitanidwa. Koma apumbwa aja sanabwere kudzasirira. Anabwera kudzamuyalutsa, kuti aliyense wa m'tchiremo adziwe pamene wabisala. Mbalame si chakudya chake chenicheni. Tsono nawonso azungu anali ndi muvi wawo.

Za mayina a m'mabuku ndingodutsamo mwachangu. Mu 1849 Andrew Smith, dokotala wa asilikali wochokera ku Scotland amene anagwira ntchito ku Cape, analemba za njokayi n'kuitcha Thelotornis capensis. Mu 1881 Albert Günther wa ku British Museum anatcha ina oatesii pokumbukira Frank Oates, mnyamata wa ku England amene anafika ku mathithi a Victoria n'kumwalira ndi malungo pobwerera mu 1875. Mu 1895 Bocage wa ku Lisbon anatcha ina mossambicanus. Awiri omalizawa ndiwo amapezeka kuno ku Malawi. M'nkhalango zowirira za ku Congo ndi kumadzulo kwa Africa muli kirtlandii, ndipo mu 2001 Donald Broadley wa ku Bulawayo anasiyanitsanso wina wa ku mapiri a Usambara ku Tanzania. Kwa agogo onsewa akanakhala nalikukuti, ndipo ndikukhulupirira kuti dzina lawolo ndi lakale kuposa onse ndatchulawa.

Chofunika pa mbiriyi ndi chimene ophunzirawo anaganiza atamutsegula kukamwa. Mano aululu a mphiri ali kutsogolo, aatali, obooka mkati ngati singano ya jekeseni. Ikangogogoda kamodzi ululu walowa. A nalikukuti ali kumbuyo kwa nsagwada yam'mwamba, chapansi pa diso, ndi aafupi, ndipo m'malo mwa bowo ali ndi kangalande kamene ululu umatsetserekamo pang'onopang'ono. Kuti ululu wokwanira ulowe, ayenera kugwira bwino n'kutafuna. Akatswiri anayang'ana mano amenewa n'kunena kuti izi n'za abuluzi, munthu sizingamuchite kanthu. Kwa zaka pafupifupi 100 chilembere Smith, nalikukuti ankawerengedwa m'gulu la njoka zosadetsa nkhawa, ndipo ogwira njoka ankamunyamula ndi manja.

Khalidwe lake linathandizira chinyengocho. Ndi njoka yofatsa. Mukamusokoneza amayamba wafuna kuchoka, kulowerera m'nthambi mwakachetechete. Mukamupanikiza m'pamene amafufumitsa khosi, khungu loyera la mawanga akuda n'kuonekera pakati pa mamba ake, lilime lili m'mwamba. Ameneyo ndiye akuti basi, pakwana. Akapitirira apo amaluma, ndipo ngakhale pamenepo nthawi zambiri amangokanda n'kusiya, munthu osamva kanthu pambuyo pake. Anthu khumi akalumidwa n'kukhala bwinobwino, wa khumi ndi mmodzi amatenga njoka ija molimba mtima.

Mbale wake wapafupi ndi njoka ina yam'mitengo ya maso aakulu imene mabuku amaitcha boomslang, nayonso ya mano akumbuyo. Mu Sepitembala 1957, Karl Schmidt, katswiri wa njoka wa ku Field Museum mumzinda wa Chicago ku America, analandira kamwana ka njoka imeneyi kuti akazindikire mtundu wake. Kanamuluma pachala chachikulu. Iye anaganiza kuti kanjoka kakang'ono chotero sikangakhale ndi ululu wopha munthu, ndipo anapita kwawo n'kumalemba zimene ankamva m'thupi: kuzizidwa, nseru, magazi m'kamwa. Mawa lake anamwalira. Patapita zaka 18, Robert Mertens, amene anatsogolera nyumba yosungiramo zachilengedwe ya Senckenberg ku Frankfurt m'dziko la Germany, munthu amene anatha moyo wake wonse akuphunzira njoka ndi abuluzi, analumidwa ndi nalikukuti wake woweta akumudyetsa. Linali tsiku la 5 Ogasiti 1975. Anadwala masiku 18, naye akulemba tsiku ndi tsiku mmene thupi linkagonjera, ndipo anamwalira pa 23 Ogasiti ali ndi zaka 80. Pofika nthawiyo zinali zitadziwika kale kuti nalikukuti akhoza kupha, ndipo Mertens sanali munthu woti n'kuuzidwa zimenezo. Chinamupweteka ndi kuzolowera.

Ululu wa mphiri umatupitsa ndi kuoletsa mnofu, ndipo wolumidwayo amalira nthawi yomweyo. Wa mamba umagwira mitsempha, zikope n'kulemera, kupuma n'kuvuta. Wa nalikukuti umapita kumagazi, ndipo umagwira ntchito mochenjera. M'magazi mwathu muli tinthu timene timachititsa kuti magazi aundane pabala, kutuluka n'kuleka. Ululuwu umatidzutsa tonse nthawi imodzi m'thupi monse, n'kumaundanitsa magazi pachabe m'timibulu ting'onoting'ono mpaka tinthu tija titatheratu. Zili ngati wina wakuwa kuti moto usiku, mudzi wonse n'kukhuthula mitsuko pa nyumba yosapsa, kenako moto weniweni n'kubuka madzi atatha. Kuyambira pamenepo magazi sagwirananso.

Choopsa n'chakuti poyamba palibe chooneka. Pamene paluma pamangokhala ngati pakandidwa ndi minga, sipatupa kwenikweni, sipapweteka moti n'kuliza munthu. Wolumidwayo amabwerera kumudzi, amadya nsima, amaseka nawo anzake kuti lero njoka yamuphonya. Pamapita maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Kenako mutu umayamba kuwawa. Nkhama zimatuluka magazi. Mphuno nazo. Pamene anadzicheka ndi lezala dzana pamatseguka. Mkodzo umafiira, pakhungu pamatuluka zigamba zakuda ngati wamenyedwa. Impso zimafooka, ndipo magazi akatayikira mu ubongo nkhani yatha.

Mankhwala othana ndi ululu umenewu kulibe padziko lonse. Ku South Africa amapanga jekeseni wothandiza olumidwa ndi mphiri, mamba ndi njoka zolavulira m'maso, ndiponso wina wapadera wa boomslang, koma onse awiri sagwira pa nalikukuti, ngakhale kuti iye ndi boomslang ndi pachibale. Olumidwa ndi ochepa kwambiri moti palibe amene anaona phindu lopanga wake. Chimene achipatala angachite ndi kumuthira wodwalayo magazi kapena madzi ake otchedwa plasma, kuyang'anira impso, ndi kumusunga wamoyo mpaka thupi litachotsa ululu palokha. Njira yodziwira ngati ululu walowa ndi yapafupi modabwitsa. Amatenga magazi pang'ono, kuwaika m'kabotolo kagalasi koyera ndi kouma, n'kukasiya osakagwedeza kwa mphindi 20. Akakapendeka, magazi a munthu wabwinobwino amapezeka ataundana. Akayenderera ngati madzi, ndiye kuti zinthu zavuta, ngakhale mwini wakeyo akuti ali bwino.

Apa m'pamene thandizo lathu lakumudzi limasanduka mdani. Munthu akalumidwa ndi njoka, chizolowezi ndi kumanga mwendo ndi luzi ndi kutema mphini kuti mankhwala alowe ndi magazi oipa atuluke. Pa njoka iliyonse zimenezi sizithandiza, koma pa nalikukuti mphini iliyonse ndi khomo limene silidzatsekeka. Amene wamuluma nalikukuti apite kuchipatala tsiku lomwelo, akuyenda yekha, asanamve chilichonse, akanene njoka imene yamuluma, ndipo asavomere kubwerera kunyumba mwachangu chifukwa choti bala ndi laling'ono. Mu 2017 bungwe la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda a m'maiko otentha amene sasamalidwa mokwanira, ndipo limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa nako chaka chilichonse. Pa chiwerengero chimenechi gawo la nalikukuti ndi laling'ono zedi, ndipo ambiri mwa amene wawaluma ndi oti anamugwira ndi manja mwadala.

Tsono ndimabwerera kwa agogo. Za uta ndi muvi analakwitsa. Palibe njoka ili ndi mutu wolimba moti n'kuboola nthiti za munthu, ndipo nalikukuti sadziponya kuchoka mumtengo. Koma mawu awo omaliza aja, akuti wolasidwayo amayendabe akucheza osadziwa kuti wafa kale, ndimawamva mwina tsopano. Sindinganene kuti anachokera kwa munthu amene analumidwa kalekale n'kufa patapita masiku akutuluka magazi, anthu n'kumafunafuna bala limene lamupha. Chimene ndikuona n'chakuti mawuwo akugwirizana ndi mmene ululuwu umagwirira ntchito kuposa mmene mabuku a zaka 100 ankanenera. Pa nthawi imene ophunzira a ku Ulaya ankamunyamula ndi manja, amayi osadziwa kulemba mayina awo ankakokera adzukulu awo kumbuyo.

Komabe sindifuna kuikometsa nthanoyo kuposa mmene ilili. Mantha omwewo aphetsa analikukuti osawerengeka ndi miyala, pamodzi ndi tinjoka tina toonda topanda ululu n'komwe timene tinangofanana nawo. Ndipo ali ndi msampha wina woipa kwambiri. Munthu amene anakula akudziwa kuti nalikukuti amaboola chifuwa, tsiku limene wamukanda pachala akuthyola nkhuni adzati wapulumuka. Adzayang'ana pachifuwa, n'kupeza palibe bowo, n'kupitiriza kumanga mtolo wake. Nthanoyo imakuteteza ukadali patali, koma ukalumidwa imakutsekera njira ya kuchipatala.

Moyo wake wonse umayenda mwakachetechete chomwecho. Nyengo yokwerana ikafika, amuna awiri amapotana matupi ngati chingwe, aliyense akuyesa kukanikizira mutu wa mnzake pansi, osalumana. M'nyengo ya mvula wamkazi amaikira mazira otalikirapo, kuyambira 4 mpaka 18, m'zinyalala za masamba kapena m'phanga la mtengo, n'kuwasiya. Amaswa pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Tiana timatuluka titatalika pang'ono kuposa chikhatho chotambasula, tili kale ndi diso lopingasa ndi ululu, ndipo palibe amene amatiphunzitsa kukhala nthambi.

Mapiri aja a masuku ndinapitakonso zaka zingapo zapitazo. Mitengo yambiri inapita ndi makala, patsala zitsa ndi mauvuni akuda. Ndinkaganiza kuti nalikukuti anapita nayo limodzi. Koma iye safuna nkhalango yowirira. Chitsamba, mpanda wa mitengo, mango kapena gwafa wa pakhomo zimamukwanira, bola pakhale abuluzi. Tikamadula tchire, amasamukira kumene mitengo yatsala, ndipo masiku ano mitengo yatsala pafupi ndi nyumba zathu.

Chaka chatha, Loweruka lina m'mawa kunyumba kwanga ku Zomba, ndinamva apumbwa akukalipa mumtengo wa gwafa kuseri. Thupi linazindikira phokosolo mutu usanaganize. Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 anali kale panjira yopita kumtengoko, kabeseni kali m'manja.

"Ima pomwepo, iwe."

"Bwanji, adadi?"

Ndinamupeza, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikuloza ndi milomo. Panatenga kanthawi kuti ine mwini ndimuone. Anali panthambi yachiwiri kuchokera pansi, mbali yakutsogolo ili m'malere, mutu utapendekera pang'ono kumpanda kumene abuluzi amawothera dzuwa. Ife sankatiyang'ana n'komwe.

"Palibe chilichonse," mwanayo anatero.

"Dikira. Yang'ana kanthambi kotuwako, kamene kalibe masamba."

Aneba, bambo wachikulire amene amalima ndiwo zamasamba kuseri kwa mpanda, anasuzumira atamva tikunong'onezana. Atangoona kumene tayang'ana anabwerera m'mbuyo, dzanja lili pachifuwa.

"Achimwene, chotsanipo mwanayo! Imeneyo imalasa. Dikirani nditenge mpini."

"Ayi bambo, musavutike. Salasa ameneyu. Kuluma amaluma, ndipo mankhwala ake kulibe, koma aluma amene wamugwira."

"Ndiye mukuti mankhwala kulibe, komanso mukuti tisaphe?"

Funso lawo linali lomveka, ndipo yankho langa silinali lamphamvu monga ndikanafunira. Ndinati kumenya njoka ili m'nthambi, pamwamba pa mutu wako, ndiyo njira yachidule yoigwetsera paphewa. Ndinati wakhala mumtengomo mwina mwezi wathunthu ife tikuthyola magwafa pansi pake. Anapukusa mutu n'kunena kuti anthu a sukulu timavuta, koma mpini sanakatenge. Anatsamira mpanda, nawonso n'kumayang'ana.

Tinaima atatu pamenepo mwina mphindi khumi. Kenako lilime linatuluka, lofiira, kunsonga kwakuda, n'kukwera m'mwamba mosafulumira. Mwana uja anandifinya dzanja mpaka zikhadabo zinalowa.

"Ndamuona! Adadi, nthambi ija ili ndi diso!"

Amayi ake anaitana kukhitchini kufunsa chimene chachitika, tonse n'kucheuka kuyankha. Pobwezanso maso pamtengo, panalibe. Tinayang'ana nthambi imodziimodzi, aneba mbali yawo, ife mbali yathu, osamupeza. Apumbwa anakalipabe pang'ono chakumtunda kwa mtengowo, kenako anatopa n'kuyamba kujompha magwafa.

Ndinalamula kuti chaka chimenecho pasapezeke wokwera mumtengomo. Wofuna gwafa agwetse ndi nsungwi yaitali ataima poyera. Okupsa a kunsonga anadya ndi apumbwa. Kwa masabata angapo pambuyo pake ndinkamupeza mwana uja madzulo ataima patali ndi mtengowo, manja ali kumbuyo, atapenya kanthambi kena kouma. Tsiku lina ndinamuuza kuti kameneko ndi kanthambi chabe, ndinakagwedeza kale ndi nsungwi. Sanacheuke. Anati ndidikire kaye.